Kalata yopita ku Leeds

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino ndi kuzizira kwanu kumeneko. Kuno ku Zomba tonse tili bwino. Mayi anu ndinakumana nawo kutchalitchi, akuti muwaimbire.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp uja ndaumvetsera. Mukuti agogo amene mumawasamalirawo amangoti "pardon?" mukayankhula, mpaka mwayamba kuchita manyazi. Musadzikayikire, achemwali. Kusekondale galamala munkatiposa tonse. Kungoti ife Chingerezi tinachiphunzira ndi maso, pabolodi ndi m'mabuku, pomwe eni akewo amachimva ndi makutu. Ndipo musadzivutitse kufuna kumveka ngati wobadwira ku Yorkshire, chigawo chomwe kuli Leeds. Zosokoneza womvera ndi zochepa, konzani zomwezo basi.

Chachikulu, kwa ine, ndi kutsindika. M'Chichewa timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, n'chifukwa chake "chimanga" chimamveka ngati chimaanga. Chizolowezi chimenechi timapita nacho ku Chingerezi. Koma kumeneko liwu lililonse lili ndi phatikizo limodzi lomenyedwa mwamphamvu, ena kawirikawiri amamezedwa. Tengani "comfortable", amene mumawanena tsiku ndi tsiku pofunsa agogowo ngati akhala bwino pampando. Ife timati komfoteebo, iwo amayembekezera KAMF-ta-bl, mphamvu yonse koyambirira. Chimodzimodzi "vegetable" ndi VEJ-ta-bl. Mphamvuyo imasunthanso: PHOtograph, koma phoTOgrapher. Mukaiika polakwika, ngakhale malembo onse muwatchule bwino, munthu wokalamba amene makutu ayamba kufooka satola kanthu.

Kenako mavawelo. Ife tili ndi 5 okha, ndipo timawatchula monga alembedwera. Chingerezi cha ku Britain chili ndi maliwu a mavawelo pafupifupi 20, onse opanikizidwa m'malembo omwewo. Onsewo simungawamalize lero, yambani ndi kusiyanitsa aatali ndi aafupi: "live" ndi "leave", "pull" ndi "pool", "ship" ndi "sheep". Apa ndikuchenjezeni, poti ntchito yanu ndi yoyalanso pabedi: nsalu ija yotchedwa "sheet" muzikoka vawelo yake ndithu, chifukwa mukaifupikitsa mwatukwana! Onaninso "walk" ndi "work". Loyambalo milomo imazungulira, lachiwirilo milomo imangokhala phee ndipo r samveka.

Mawu athu onse amathera vawelo, ndiye tinapeza buku, sukulu, supuni. Pamenepo lilime limafuna kuwonjezera i kumapeto kwa liwu la Chingerezi, kapena kungotaya lembo lomaliza. Zonse ziwiri zimasokoneza. "Walked" ndi wokt, osati wokedi.

Za l ndi r mukudziwa kale, ndi matenda athu tonse chifukwa kwathu ndi liwu limodzi. Potchula l nsonga ya lilime igunde kuseri kwa mano a m'mwamba. Potchula r isagunde paliponse, ingopindikira m'mbuyo pang'ono. Yesererani ndi "collect" ndi "correct", "play" ndi "pray", pang'onopang'ono mukamatsuka mbale.

Pali pena pomwe ife tili ndi mwayi kuposa anthu a mitundu ina. P, t ndi k wa Chingerezi akakhala koyambirira kwa liwu amatuluka ndi kampweya, ndendende ngati ph, th ndi kh wathu wa mu phiri, thumba ndi khasu. Makolo athu anamva bwino pamene ankati khofi, thawulo, khadi. Choncho "tea" ndi thii, "pen" ndi phen. Ikani pepala patsogolo pa milomo, ligwedezeke. Chotipusitsa ndi kalembedwe: ph wawo ndi f, pomwe th wawo, monga mu "think" ndi "this", amafuna lilime lituluke pang'ono pakati pa mano.

Kalembedwe ka Chingerezi musamakakhulupirire kwambiri. William Caxton anayamba kusindikiza mabuku ku Westminster mu 1476, kalembedwe kanayamba kukhazikika, koma katchulidwe kanapitiriza kusintha. K wa mu "knee" ndi "knife" kale ankamveka, lero anangotsala papepala. Mukafuna tikiti ya ku Leicester muziti Lesta. Komanso kumpoto komwe muliko "bus" ndi "cup" amazitchula ndi u, mosiyana ndi za pa BBC, ndiye mukalephera kuwamva si kuti vuto ndi lanu nthawi zonse.

Liwu latsopano lililonse muzilimva kaye musanalitchule. Cambridge Dictionary ya pa intaneti ili ndi kabatani komvera, sankhani kolembedwa UK. Kenako dzijambuleni mawu pafoni ndi kufanizira. Mawu ako omwe amanyansa kuwamva, ndikudziwa, koma njira yachangu ndi imeneyo. Agogowo muziwayang'ana kumaso poyankhula ndipo muchepetse liwiro, okalamba ambiri amawerenganso milomo.

Munditumizire uthenga wa mawu mukutchula "comfortable", "collect" ndi "sheet", ndimve pomwe mwafika. Ufa ndi usipa munapempha zija ndikufunafuna wobwera kumeneko woti anyamule. Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wakalekale,
Mchemwali wanu wa ku Zomba