Kalata kwa makolo potseka teremu, yolembedwa nthawi ya mliri wa COVID-19: za masiku a nyimbo

Okondedwa makolo ndi onse olera ana athu,

Landirani moni wochokera kwa aphunzitsi tonse. Ndiyambira pa nkhani yomwe yatisowetsa mtendere teremu ino.

Mukudziwa kuti Lachitatu lililonse takhala tikuitana oyimba kuti aziyimbira ana a makalasi ang'onoang'ono. Ana amenewa adakhala kunyumba nthawi yaitali chifukwa cha mliri wa COVID-19, ndipo ambiri nyimbo amangozimvera pa foni, osaonapo zala zikuyenda pa gitala. Taona ndi maso athu mwana yemwe m'kalasi satsegula pakamwa akuomba m'manja motsatira ng'oma, mawa lake n'kuyankha funso koyamba.

Koma kuyimba pagulu nthawi ya mliri si nkhani yamasewera. Kachilomboka kamayenda m'timadontho ta malovu ndi mumpweya wotuluka m'kamwa, ndipo woyimba mokweza amatulutsa tambiri kuposa wolankhula. Mu March 2020, ku Skagit County m'chigawo cha Washington ku America, anthu 61 a kwaya adaphunzira nyimbo m'chipinda chimodzi kwa maola awiri ndi theka. Mwa iwo 53 adadwala, awiri n'kumwalira. N'chifukwa chake tidaika malamulo. Kuyimba kumachitikira pabwalo pomwe mphepo ikudutsa, osati m'kalasi. Oyimba amaima patali mamita oposa awiri kuchokera pamzere woyamba. Zitoliro ndi malipenga tidaziletsa, popeza zimalizidwa ndi mpweya wa m'kamwa. Kalasi iliyonse imakhala pamalo akeake ojambulidwa ndi choko, ana amasamba m'manja ndi sopo pobwera ndi pobwerera, ndipo ng'oma iliyonse yomwe mwana wagwira imapukutidwa isanapatsidwe kwa mnzake.

Zonsezi zidasokonezeka tsiku limodzi, ndipo adazisokoneza ndife akuluakulu. Makolo ena atamva kulira kwa ng'oma adalowa pageti mokakamiza, osamvera mlonda, ambiri opanda masiki. Adadzazana pakati pa ana, ena kumanyamula ana awo pamizere kuti awajambule pafupi ndi oyimba. Aphunzitsi powaletsa adalandira mawu opweteka, ana akumva. Ndikumvetsa kuti kholo lililonse limafuna kuona mwana wake akusangalala, koma tidakulemberani kale kuti alendo saloledwa, ndipo chifukwa chake tidachifotokoza.

Chomwe chidandipweteka kwambiri ndi china. Tidapeza ana angapo atabwera akutsokomola, thupi likutentha, ndipo titawafunsa adati kunyumba awamwetsa mankhwala otsitsa kutentha kuti asaphonye nyimbo. Makolo anzanga, mankhwala amenewo sachotsa kachilombo, amangobisa chizindikiro chomwe chikadatichenjeza. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalangiza kuti ana a zaka 5 kutsika m'munsi asakakamizidwe kuvala masiki. Ndiye ang'onoang'onowa alibe chowatchinga china koma ife akuluakulu: masiki athu, kutalikirana kwathu, ndi chilungamo chathu mwana akadwala. Zitachitika izi tidaimitsa masiku a nyimbo kwa sabata ziwiri, oyimba adakhala kwawo podikira kuona ngati adwala, ndipo ana omwe sadalakwe kanthu ndiwo adamanidwa.

Teremu ikubwerayi kholo lolowa pabwalo popanda chilolezo lidzabwezedwa pageti, ndipo mwana wooneka ndi chifuwa, chimfine kapena kutentha thupi tidzakuitanani kuti mudzamutenge. Sindikufuna kuti tifike pamenepo. Ndikukupemphani, mwana akadzuka osapeza bwino, mugonekeni kunyumba, mutidziwitse, ndipo mupite naye kuchipatala. Sadzalembedwa kuti wajomba. Aphunzitsi azijambula kuyimbako pa foni n'kutumiza ku gulu la WhatsApp la kalasi yake, kuti iye ndi inu muone muli kwanu. Tithandizane chonde, chifukwa oyimbawo anena poyera kuti zikachitikanso sadzabweranso.

Pali zabwino zomwe tikuthokoza. Kuwerenga m'makalasi oyambirira kwapita patsogolo, kujomba kwachepa, malo osambira m'manja alipo tsopano pakhomo la kalasi iliyonse, ndipo komiti ya makolo yatithandiza kupeza sopo teremu yonse.

Omwe simunamalize fizi, malizani tisanatsegule. Mbali ina ya ndalama zimenezi ndi yomwe imagula sopo ndi kulipira oyimba. Ngati zinthu zavuta pakhomo, bwerani ku ofesi tikambirane m'malo mongokhala chete.

Tikutseka Lachisanu lino, ndipo malipoti atengedwa tsiku lomwelo, kalasi iliyonse pa nthawi yake monga talembera pageti. Tsiku lotsegulira lalembedwa pa lipoti la mwana wanu. Msonkhano wa makolo udzachitikira pabwalo Loweruka la sabata yoyamba, ndipo aliyense adzabwere atavala masiki.

Ndine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu