Tiuzeni zimene zili mkati mwa mtengo wa mlatho

A Mkonzi,

Ndikulemba kalatayi mtima ukundiwawabe ndi yankho limene ndinamva pa wailesi Lachiwiri madzulo. Mayi wina anaimba foni pa pulogalamu ya zachitukuko n'kufunsa funso labwinobwino: n'chifukwa chiyani mtengo wa mlatho umene amatiuza poyala mwala wa maziko sukhala womwewo pa tsiku lodula riboni? Bambo amene anaitanidwa kudzayankha, amene akuti ndi katswiri wa zamisewu, anayamba waseka kaye. Kenaka anati zimenezo n'za mainjiniya, munthu wamba sangazitolere, milatho imangosiyana mitengo basi. Wowulutsa mawu naye sanam'panikize, anangoti tilandire foni ina.

Kuseka kumeneko n'kumene kwandisowetsa tulo. Mayi uja anawononga mayunitsi ake kufunsa za ndalama zake zomwe, za msonkho umene amadula pa sopo, pa shuga ndi pa lita iliyonse ya mafuta, ndiye munthu wodya malipiro ochokera ku msonkho womwewo n'kumuseka pa wailesi dziko lonse likumva? Ulemu uli kuti pamenepa? Ngati nkhaniyo ndi yovuta, ntchito ya katswiri ndi kuifewetsa. Anapitira chiyani kusukulu ngati sangathe kufotokozera mayi wa kumsika chimene chimakweza mtengo wa mlatho?

Ine sindine injiniya. Ndinagwira ntchito yoyendetsa mathiraki mpaka msana unandikana, ndipo Zambezi ndamuwoloka pa Tete ndi pa Kazungula pomwe. Zimene ndinene pano aliyense wofuna kudziwa angazidziwe, ndipo mayi uja akanazimva bwinobwino.

Tiyambe ndi Kazungula, pamalire a Zambia ndi Botswana. Amene anayendapo mlatho usanamangidwe akukumbukira pantoni ija, chombo chimene chinkawolotsa magalimoto pa Zambezi. Mathiraki ankandanda makilomita, madalaivala tikuphika nsima pa mbaula m'mbali mwa msewu, kuchapa zovala n'kuziyanika pa magalasi, kudikira masiku kuti nthawi yathu ikwane. Pantoni imodzi ikawonongeka mzere unkangokula. Mu 2003 pantoni inagubuduzika itanyamula thiraki yolemera kwambiri, anthu 18 anamira. Choncho palibe amene angandiuze kuti mlathowo sunali wofunika. Unatsegulidwa pa 10 May 2021, ndi wotalika mamita 923, ndipo ntchito yonse inadya madola a ku America pafupifupi 259 miliyoni. Koma ndalama zimenezo sizinathere pa mlatho wokha. Munali misewu yolowera mbali zonse ziwiri, komanso maofesi a pachipata amene amachititsa kuti dalaivala aime kamodzi kokha m'malo moonetsa mapepala ku Zambia n'kukaonetsanso ku Botswana. Pakati pa mlathowo anaikapo njanji ya sitima, ndiye kuti zipilala zinayenera kulimba kuposa za mlatho wa magalimoto okha. Mlathowo ndi wokhota, chifukwa malire a Zambia ndi Botswana pamenepo ndi kachidutswa kakang'ono, ndipo anayenera kupewa dera la Zimbabwe ndi la Namibia. Kukhotako kunawonjezera utali, ndipo utali ndi ndalama. Ntchito inayamba mu 2014, ndipo inachedwa. Mu 2019 kampani ya Daewoo ya ku South Korea inafika poimitsa ntchito chifukwa cha kuchedwa kwa malipiro ochokera ku mbali ya Zambia. Kontrakitala akaima, makina obwereka amakhala akuwerengabe masiku, alonda akulipidwabe, ndipo bilu yonseyo imadzagwera boma.

Kodi pali chimene chavuta kumva pamenepa, a Mkonzi?

Tsopano tipite ku Mozambique. Mlatho wa Maputo–Katembe unatsegulidwa mu November 2018. Ndi wotalika makilomita atatu, wolendewera pa zingwe zazitsulo, ndipo pakati pake pali mpata wa mamita 680 wopanda chipilala m'madzi. Anautukula pafupifupi mamita 60 pamwamba pa nyanja kuti sitima zapamadzi zolowa padoko la Maputo zizidutsa pansi. Mtengo wake unali madola pafupifupi 785 miliyoni, zambiri mwa izo ngongole ya ku banki ya Exim ya ku China, ndipo anamanga ndi a China Road and Bridge Corporation. Munthu akatenga ndalama zimenezi n'kugawa ndi mamita, apeza kuti mita imodzi ya ku Maputo ndi mita imodzi ya ku Kazungula zikuyandikana mtengo, n'kuganiza kuti wapeza muyeso wa mlatho uliwonse. Walakwitsa. M'ndalama za ku Maputo muli misewu ya phula ya makilomita oposa 180, kuphatikizapo wopita ku Ponta do Ouro kumalire a South Africa. Nambala yopanda tsatanetsatane imasocheretsa, ndipo imasocheretsa mbali zonse ziwiri. Ingachititse anthu kunamizira kuba pamene palibe wakuba, ndiponso ingabise wakuba weniweni. N'chifukwa chake yankho loti milatho imangosiyana mitengo basi limandinyansa. Ndi loona mwatheka, ndipo theka losanenedwalo ndi limene mbava zimabisalamo.

Chitsanzo chimene chimayankha ndendende funso la mayi uja chili ku South Africa, kumene abale athu ambiri akugwira ntchito. Pa msewu wa N2 ku Eastern Cape akumanga mlatho wa Mtentu, wotalika kuposa kilomita imodzi, wodutsa pamwamba pa chigwa chakuya mamita oposa 200. Mu 2017 bungwe la misewu la kumeneko, SANRAL, linapereka ntchitoyi kwa makampani a Aveng ndi Strabag pa mtengo wa marandi pafupifupi 1.6 biliyoni. Anthu a m'deralo anachita zionetsero pa nkhani ya ntchito ndi matenda a makontrakitala ang'onoang'ono, ntchito inaima, ndipo kumayambiriro kwa 2019 makampaniwo anachokapo. Pamene ntchitoyi inkaperekedwanso kumapeto kwa 2022 kwa makampani ena, mtengo unali utadutsa marandi 4 biliyoni. Mtsinje womwewo, chigwa chomwecho. Zaka zotayika, kukwera kwa zitsulo ndi simenti, ntchito zina zowonjezera, ndi mantha a kontrakitala watsopano amene waona zimene zinagwera mnzake, zonsezo zinalowa mu mtengo. Koma taonani kuti ine, wokhala kutali chonchi, ndikutha kukuuzani mtengo woyamba, mtengo wachiwiri, mayina a makampani ndi chifukwa chimene ntchito inaimira. Zinalengezedwa, manyuzipepala anazilemba, anthu anakangana nazo poyera. Nanga kwathu kuno, ndani angandiuze zoterezi za mlatho umene ndimadutsapo popita kumudzi?

Zimene zimasiyanitsa mitengo sizobisika. Choyamba ndi pansi pa mtsinje. Pamene thanthwe lili pafupi, maziko savuta. Pamene pali mchenga ndi matope akuya, ngati m'chigwa cha Shire, amayenera kuboola pansi mamita ambiri n'kuthiramo konkire ndi zitsulo, ndipo ndalama zochuluka zimakwiririka pamalo pamene diso silidzaona. Ndinaonapo makina oboolawo akugwira ntchito: tsiku lonse phokoso, matope akutuluka, madzulo n'kuona ngati palibe chachitika. Apa ndi pamene kontrakitala wachinyengo amadyerapo, chifukwa palibe amene adzakumbe kuti ayeze. Kenaka pali kutalika kwa mpata pakati pa zipilala, pakuti mpata ukakula mtengo umakwera mofulumira kuposa utaliwo. Pali mtunda wonyamula miyala ndi simenti, chipukuta misozi cha anthu osamutsidwa, ndi chiwongoladzanja cha ngongole. Ndipo kwa ife a ku Malawi pali kwacha. Zitsulo, phula, mafuta ndi makina timagula kunja. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Kontrakitala amene anasaina mu kwacha zisanachitike zimenezi sakanamaliza pa mtengo wakale, zimenezo ngakhale mwana wa sukulu akudziwa. Katswiri uja akanangonena zimenezi, mayi uja akanadula foni atakhutira. Anasankha kuseka.

Ndipo poti ndayamba, ndinene zonse. Timalipira pa zipata za pamsewu za Chingeni ndi Kalinyeke kuyambira pamene zinatsegulidwa. Timalipira msonkho wa misewu pa mafuta. Wa minibasi akalipira amakweza mtengo, ndiye kuti ngakhale gogo amene alibe njinga akulipira nawo. Mvula ikabwera, milatho imapita. Mlatho wa Chapananga pa mtsinje wa Mwanza ku Chikwawa unawonongeka ndi madzi a namondwe wa Ana mu January 2022, usanakhalitse n'komwe chiumangireni. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anadzakokolola misewu ndi milatho yambiri kuchigawo chakummwera. Sindikunena kuti madzi a namondwe ndi masewera, tonse tinaona zimene anachita. Koma mlatho ukagwa, anthu ali ndi ufulu womva kuti unakonzedwa kuti upirire madzi ochuluka bwanji, maziko ake anapita pansi mamita angati, anayendera ntchitoyo ndani, ndipo anasainira ndani kuti yatha bwino. Mlatho wotchipa umene ugwa pakatha zaka zochepa ndi wodula kuposa wina uliwonse, chifukwa timaulipira kawiri, ndipo pakati pakepo amayi oyembekezera amawoloka mtsinje pamsana pa anthu popita kuchipatala. Kodi nazonso n'za mainjiniya okha?

Munthu akamamanga nyumba ya zipinda ziwiri kumudzi, mmisiri amamulembera papepala: matumba a simenti akuti, malata akuti, misomali makilogalamu akuti, ntchito ya manja yakuti. Simenti ikakwera, amabwera n'kudzanena kuti bwana, thumba lakwera, onjezerani. Mwini nyumba amaona yekha n'kuvomera kapena kukana. Mlatho nawo uli ndi pepala lotero, mainjiniya amalitcha bill of quantities, ndipo kusintha kulikonse kwa mtengo kumalembedwa n'kusainidwa ndi munthu wodziwika dzina. Mapepalawo alipo. Eni ndalama ndife. Tikubisiridwa chifukwa chiyani?

Malamulo ali kumbali yathu. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani kuchokera ku boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Tili ndi bungwe la PPDA loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma. Tili ndi mkulu wolondoloza ndalama za boma, tili ndi komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za kayendetsedwe ka chuma cha boma, tili ndi bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB. Maofesi onsewa amadya bajeti chaka ndi chaka. Aphungu athu amakonda kuima pa mlatho watsopano atavala masuti, makamera akuwajambula, koma ndi angati mwa iwo anapemphapo kuona tsatanetsatane wa mtengo asanaombe m'manja? Inunso atolankhani muli ndi mlandu wanu. Mumalemba kuti mlatho wakuti udya mabiliyoni akuti, osatiuza kuti ndi wa mamita angati, uli ndi misewu yolowera yotalika bwanji, ndalamazo ndi ngongole kapena thandizo. Pakatha zaka ziwiri mumalembanso nambala ina yokulirapo osakumbutsa owerenga kuti poyamba munalemba chiyani. Mumasunga manyuzipepala akale mu ofesi mwanumo, kuwatsegula sikufuna digiri.

Pempho langa ndi lachidule. Nduna yoona za mtengatenga ilamule kuti pa chikwangwani chimene amakhoma pamalo omanga mlatho, pamene amalembapo dzina la kontrakitala ndi tsiku lomaliza, azilembaponso mtengo woyamba, utali wa mlatho, kuya kwa maziko, ndi kumene ndalama zachokera, m'Chichewa ndi m'chiyankhulo cha deralo. Mtengo ukasintha, aikepo mzere watsopano wonena tsiku, ndalama zowonjezera ndi chifukwa chake, ndipo zomwezo a Roads Authority aziika pa intaneti. Penti ndi bolodi sizingawonongetse boma ndalama. Ndipo wailesi ija iitanenso katswiri wina, woleza mtima, adzayankhe funso la mayi uja bwinobwino pa pulogalamu yomweyo.

Ndine wowerenga wanu,
Dalaivala wopuma pantchito, Blantyre