A Tate akuchita bwino posapachika timabuku ta Turner pakhoma

Akonzi,

Tiloleni tiyankhepo pa dandaulo lomwe limamveka kawirikawiri, loti nyumba ya zojambula ya Tate Britain ku London imabisa timabuku ta zojambula ta katswiri wa ku Britain J.M.W. Turner m'mabokosi m'malo motionetsa kwa anthu. Ife tikuti a Tate akuchita bwino.

Turner adamwalira mu 1851, ndipo mu 1856 khoti lidagamula kuti ntchito zake zomwe adasiya zikhale za dziko la Britain. M'katunduyo mudali timabuku pafupifupi 300. Ambiri amamudziwa chifukwa cha nyanja, zombo ndi dzuwa, koma m'masambamo mulinso anthu: asodzi, amalinyero, amayi a pamsika, komanso matupi osavala monga ankawajambulira kusukulu ya Royal Academy. Adalowa sukuluyi mu 1789. Wophunzira ankayamba ndi ziboliboli za pulasitala, ndipo Turner adaloledwa kujambula munthu wamoyo mu 1792.

Zojambula zoterezi sizichedwa kuwonongeka. Choko chakuda ndi choyera, chomwe ankakonda kugwiritsa ntchito pa pepala labuluu, sichilowerera m'pepala koma chimangokhala pamwamba ngati ufa. Chala chikangokhudza, phewa la munthu wojambulidwayo lapita. Inki yakale imadya pepala mpaka kuliboola. Mdani wamkulu ndi kuwala, chifukwa utoto ukasuluka subwereranso, ndipo kusulukako kumawonjezekera tsiku lililonse tsambalo likakhala pambalambanda. N'chifukwa chake pachionetsero magetsi amachepetsedwa kufika pa 50 lux (lux ndi muyeso wa kuwala), ndipo pakatha miyezi yochepa tsambalo limabwezedwa mumdima. Buku nalo salitambasula kwathunthu, amalichirikiza mbali zonse ziwiri kuti msana ndi ulusi wake zisaduke. Choncho mungaone masamba awiri okha nthawi imodzi.

Ena amati, bwanji osangomasula bukulo n'kuika tsamba lililonse m'felemu? Zimenezo zidachitika kale. John Ruskin, mlembi wa nkhani za zojambula, posanja katunduyu mu 1857 ndi 1858, adamasula timabuku tambiri, ndipo masamba ena adakhala pachionetsero zaka zochuluka mpaka kusuluka. A.J. Finberg, katswiri wa mbiri ya zojambula, adavutika kulondoloza kuti tsamba liti lidachoka pati asanatulutse kaundula wake mu 1909. Tsoka linanso lidagwa mu Januwale 1928, mtsinje wa Thames utasefukira n'kulowa m'zipinda zapansi za Tate, ndipo masamba ena ali ndi mathothomathotho mpaka lero.

Chomwe chimatipweteka kwambiri n'chakuti tsamba lochotsedwa limasowa mboni. Kamunthu kojambulidwa ndi mizere isanu kokha sikanena zambiri, koma tsamba loyandikana nalo likhoza kukhala ndi doko kapena dzina la tauni, n'kutiuza komwe Turner adamuona munthuyo. Pepala lomwe ankagwiritsa ntchito kawirikawiri, monga la kampani ya J Whatman, lili ndi chidindo chooneka ukaliyang'anitsa kukuwala, nthawi zambiri chokhala ndi chaka chomwe lidapangidwa. Popeza pepala lalikulu limodzi ankalipinda kukhala masamba angapo, chidindocho chimagwera pa masamba owerengeka okha. Mukachotsa tsamba lopanda chidindo, mwalilanda chaka chake. Ngakhale ufa wa choko womwe udadinda tsamba la kutsidya uli ndi ntchito, chifukwa umasonyeza masamba omwe ankayang'anizana.

Timabukuti sitidatsekeredwe. Wofuna kutiona amapempha tsiku kuchipinda chowerengera cha ku Clore Gallery, gawo la Tate Britain lomwe lidatsegulidwa mu 1987, ndipo m'menemo amalemba ndi pensulo basi, cholembera cha inki ayi. Kwa ife akutali, masambawa adawajambula n'kuwaika pa intaneti, lililonse ndi nambala yake.

Pempho lathu kwa inu Akonzi ndi lakuti mukamasindikiza chimodzi mwa zojambulazi, muzilemba dzina la kabuku ndi nambala ya tsamba, kuti wowerenga athe kupeza masamba oyandikana nalo.

Ndife,
Owerenga anu okonda zojambula