Ophunzira anu asanafike ku Katete

Achimwene,

Moni wochokera kuno ku Chipata. Tonse tili bwino, kaya inu kumeneko ndi apabanja. Mwafunsa kuti ophunzira anu a saikoloji ayambire pati pa kafukufuku wawo wa ana a ku Katete. Ine ndikuti ayambire pa chida choyezera, za galimoto ndi malo ogona zibwere pambuyo.

Akadali m'kalasi muwawerengetse ntchito ya Robert Serpell wa ku University of Zambia (UNZA). Mu 1979 iye anafalitsa zimene anapeza atapatsa ana a ku Zambia ndi a ku England ntchito yokopera zithunzi zofanana. Pojambula ndi pensulo ana a ku England anachita bwino, popinda waya athu anawaposa, ndipo poumba sanasiyane kwenikweni. Mwana wozolowera kupanga galimoto za waya mukamupatsa pepala lokha, malikisi ake amatsika chifukwa cha pepalalo. N'chifukwa chake mayeso a Panga Munthu amathandiza kuno: mwana amaumba munthu ndi dongo, malikisi n'kuperekedwa pa ziwalo zimene waika. Dongo likhale lofanana kukula kwa mwana aliyense, malangizo anenedwe ndi mawu omwewo. Mwa zoumba zisanu zilizonse, chimodzi chichongedwe ndi anthu awiri payekhapayekha. Akamasiyana kawirikawiri, ndiye kuti malamulo ochongera sanamveke, akhalenso pansi asanapitirire.

Mafunso ofunsa makolo ndiwo amavuta kwambiri. Munthu mmodzi awamasulire m'Chichewa, wina amene sanaone Chingerezicho awabwezere m'Chingerezi, kenako awiriwo ayerekeze pamene tanthauzo lapatuka. Womasulirayo akhale wakuno, chifukwa Chinyanja cha mu Lusaka agogo a kumudzi sachimva chonse, ndipo mukalowera ku Petauke kapena ku Lundazi mukumana ndi Chinsenga ndi Chitumbuka. Mukatero yesani mafunsowo pa anthu 20 kapena 30 m'mudzi wina umene suli m'kafukufuku. Mayankho a masitepe asanu aja, kuyambira "sindikugwirizana nazo konse" mpaka "ndikugwirizana nazo kwambiri", kuno amagwa. Anthu athu ndi aulemu, mlendo samutsutsa, ndiye amangovomera. Bwino mafunso a inde kapena ayi monga a SRQ-20, mafunso 20 a WHO oyeza thanzi la maganizo, kapena makapu atatu oti munthu aloze: lopanda madzi, latheka ndi lodzaza. Cronbach alpha, nambala yosonyeza mmene mafunso akugwirizanirana, ikatsika pansi pa 0.7, fufuzani funso limene likukoka anzake, nthawi zambiri ndi lija lomasuliridwa mokakamiza.

Zilolezo musazichedwetse. Choyamba ndi cha komiti ya yunivesite yoona kuti anthu ofunsidwa akutetezedwa, ndipo ngati nkhani ikukhudza thanzi pamafunikanso cha National Health Research Authority. Kusukulu simulowa popanda kalata ya a DEBS, mkulu woyang'anira maphunziro m'bomalo, kumudzi yambani mwaonekera kwa anyakwawa. Kholo losalemba lidinde chala pamaso pa mboni, mwananso afunsidwe ngati akufuna. Pamapepala palembedwe manambala, mayina asungidwe padera.

Zaka za mwana musangokhulupirira za pakamwa, pemphani khadi la kusikelo, chifukwa kulakwitsa chaka chimodzi kumasokoneza kuyerekeza konse. Aphunzitsi asaime pafupi mwana akamayesedwa, mwanayo amauma ndi mantha, ndipo anzake osuzumira pawindo amamuuzira mayankho.

Bwerani mu June kapena July. Kuyambira December mpaka March anthu ali kumunda ndipo misewu ya m'midzi ndi matope. Mu August masukulu amatseka, komanso kumapeto kwake Achewa amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, midzi yambiri simupeza akuluakulu. Ikaninso mu bajeti ulendo wobwera kudzauza makolo ndi aphunzitsi zimene mwapeza, apo ayi gulu lotsatira lidzapeza zitseko zotseka.

Nditumizireni mafunsowo pa imelo ndione Chichewa chake musanasindikize. Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu,
ku Chipata