Lipoti la msonkhano wa chitetezo pa ntchito yowotcherera zitsulo

Apampando, akuluakulu ndi anzanga nonse a m'gulu lathu la owotcherera zitsulo, ndabwerako kumene munandituma ku Boma. Tinalipo ochokera ku Monkey Bay, Namwera, Makanjira ndi kuno ku tauni, pamodzi ndi makontilakita angapo amene akumanga malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja. Zokamba zinali zambiri, koma chimene chinandikhudza n'chakuti zinthu zimene ife timati zikutiteteza, zambiri sizititeteza n'komwe.

Ndiyambe ndi maso. Tonse tikudziwa usiku uja umene munthu umadzuka maso akuyabwa ngati wina wathiramo mchenga wa kunyanja, misozi ili chuchuchu, nyali osafuna kuiona. Aphunzitsi anafotokoza kuti kumeneko ndi kupsa kwa diso chifukwa cha kuwala kwa moto wa rodi, kandodo kowotcherera kaja, ndipo ululu umayamba patatha maola angapo, n'chifukwa chake masana umaona ngati zili bwino. Magalasi akuda a pamsika aja amangochepetsa kuthobwa. Pa ntchito ya rodi pamafunika chigoba chophimba nkhope yonse, chokhala ndi galasi la nambala 10 mpaka 13 malinga ndi mphamvu ya moto. Ndipo amene amapwetekeka kwambiri si mmisiri, ndi mnyamata wogwirizira chitsulo uja, amene timangomuuza kuti "tsinzina" tikamagunditsa rodi. Zothira mkaka kapena madzi a shuga m'maso anatiletsa. Kachitsulo ka galainda kakalowa m'diso, osatokosa ndi kamtengo ka machesi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Pa nkhani ya utsi m'pamene chipinda chinati zii. Mu 2017 bungwe la IARC, limene lili pansi pa WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, ndipo limafufuza za khansa, linaika utsi wa kuwotcherera m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa khansa ya m'mapapo mosakayikitsa. Mapaipi ndi malata opakidwa zinki, amene timawotcherera tikamapanga mathandala a matanki a madzi, amatulutsa utsi woyera umene madzulo ake umabweretsa kuphwanya thupi, kuzizidwa ndi kutentha thupi. Kuno kwathu munthu akamva choncho amangoti ndi malungo, n'kukagula mankhwala pagolosale. M'marodi mulinso manganizi, mtundu wina wa chitsulo, amene akachuluka m'thupi kwa zaka amawononga mitsempha mpaka manja kumanjenjemera. Ndinafunsa za mkaka, poti ambirife timamwa paketi tikaweruka. Anayankha kuti mkaka umapita m'mimba pamene utsi umapita m'mapapo, ziwirizi sizikumana. Chothandiza ndi kupala zinki kapena penti pamalo owotcherera, kugwira ntchito pamalo opita mphepo, mutu osauika mu utsi, ndi kuvala masiki yosefa utsi osati kansalu. Za m'kati mwa matanki ndi m'mimba mwa maboti, anzathu a ku Monkey Bay anachitira umboni okha kuti munthu amakomoka osadziwa, choncho pakhale wina panja nthawi zonse.

Za magetsi tinadutsa mwachangu chifukwa tikuzidziwa, kungoti timazinyozera: mawaya osenda omangidwa ndi majumbo, kusintha rodi ndi manja a thukuta mu Okutobala, kuima pa simenti yonyowa titavala masilipasi. Mgolo umene munali petulo kapena dizilo usadulidwe ndi moto ngakhale utaoneka wouma, chifukwa chimene chimaphulika ndi mpweya wotsalira. Pokweza denga lachitsulo, lamba wodzimangira ndi wofunika kuposa kulimba mtima.

Pamene panavuta ndi pa funso loti zovala zodzitetezera agule ndani. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limati wolemba ntchito apereke zovalazi popanda kudula wantchito malipiro, ndipo la Workers' Compensation Act la 2000 limapereka chipukutamisozi kwa wovulala pa ntchito. Makontilakita ena anati ife timabwera ngati aganyu, tili ndi makina athu, ndiye tizidzionera tokha. Ine sindinakhutire nazo, koma ndinaonanso kufooka kwathu. Timagwirizana mtengo pakamwa pokha, ndiye munthu akagwa padenga palibe pepala losonyeza kuti anali pa ntchito ya ndani. Malangizo anali oti ngozi iliyonse ikanenedwe ku ofesi ya zantchito ya boma lino msanga, ndipo kalata ya kuchipatala isungidwe.

Pempho langa kwa inu, apampando, ndi loti pa ndalama zathu za chipereganyu tipatuleko zogulira zigoba, magolovesi achikopa ndi zotseka m'makutu, tigule pamodzi kuti mtengo utsike, ndipo tiyambe ndi anyamata ophunzira ntchito. Ndikupemphanso kuti alembi athu akonze kapepala ka mgwirizano ka tsamba limodzi, kolemba dzina la kontilakita, malo, mtengo ndi amene apereke zodzitetezera, kuti aliyense azisainitsa asanayatse makina. Mapepala amene anatigawira ndawasiya kwa alembi, ofuna kuwerenga akawapeza kumeneko tisanakumane Loweruka.