Kalata yochokera ku Joni: za mwana wathu ndi ntchito yoonetsa zovala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Mwendo wa mayi uja ukupeza bwanji? Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba msanga chaka chino. Ndalama ya fizi ndatumiza pa Mukuru, mukatenge musanathe sabata.

Ndasankha kulemba kalata m'malo moimba foni chifukwa nkhaniyi ndi yaitali. Ndikufuna muiwerenge mutakhala pansi, kenako mumupatse mwini wake awerengenso yekha.

Mawu amene munanditumizira pa WhatsApp ndinawamvetsera mpaka kumapeto, ndipo ndinamva kuti munali mutapsa mtima. Mwati mwana wathu akufuna kusiya sukulu ali Fomu 3 kuti abwere ku Joni kudzayamba ntchito yoonetsa zovala, ndipo pali mwamuna wina wa pa Facebook amene wamulonjeza malo bola atumize zithunzi ndi ndalama yolembetsera. Mwati ndimudzudzule ndine, popeza ndine ndinamuonetsa zithunzi za Thando Hopa, mkazi wa kuno woonetsa zovala amene ndi wachialubino ngati mwana wathu. Kumuonetsa ndinamuonetsadi, ndipo sindisiya. Zobwera kuno panopa ayi, ndipo mwamuna uja asamutumizire ngakhale tambala, ngakhale chithunzi chimodzi. Pamenepo tili limodzi. Pomwe sindikugwirizana nanu ndi pamene mwati ntchitoyi ndi ya atsikana otayika, ndipo munthu wa khungu ngati lake asamaiganizire n'komwe.

Thando ndinamudziwira kuntchito. Nkhope yake inali m'magazini ina imene inasiyidwa pa tebulo lodulira nsalu, ndipo nditaiona ndinaimitsa makina. Tsitsi lomwelo, nsidze zoyera zomwezo, ngati ndikuona mwana wathu atakula. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikutsatira chilichonse chimene akuchita.

Anabadwa mu 1989 ku Sebokeng, kummwera kwa Johannesburg. Anaphunzira zamalamulo pa yunivesite ya Wits, ku Braamfontein kumene ndimadutsa ndi takisi popita kuntchito, ndipo anagwira ntchito kukhoti ngati woimira boma pa milandu. Mu 2012 katswiri wina wokonza masitayilo a zovala, Gert-Johan Coetzee, anamuona akudziyendera m'masitolo, n'kumupempha kuti adzavale zovala zake pa chionetsero. Mwana wathu amvetse bwino pamenepa. Thando sukulu anali atapita nayo kale patali, ndipo ntchito ya zovala inachita kumupeza iye. Pambuyo pake makampani anayamba kumufuna pa malonda awo, ndipo mu 2017 a Audi anamugwiritsa ntchito potsatsa galimoto yawo ya Q2.

Koma chimene chinandigwira mtima kuposa zonse ndi kalendala ya Pirelli ya 2018. Pirelli ndi kampani ya matayala ya ku Italy. Imatulutsa kalendala imene sigulitsidwa m'sitolo, amangopatsa anthu osankhika, ndipo pa ntchito imeneyi nkhope yako ikalowamo ndiye kuti dziko lakuona. Ya chaka chimenecho anajambula ndi Tim Walker, ndipo onse olowamo anali anthu akuda okhaokha. Munali Naomi Campbell, munali Whoopi Goldberg, munali Lupita Nyong'o wa ku Kenya. Thando analinso momwemo.

Achemwali, taganizani bwino. Mwana wathu wakula anthu akumutchula mzungu pa mjigo, akumukuwiza kuti napweri panjira ya kusukulu, ngati sanatuluke m'mimba mwanu. Pano anasonkhanitsa anthu akuda otchuka a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo mkazi wachialubino anamuwerengera m'gulu lawo popanda kufunsa kawiri, chifukwa ndi mmene zililidi. Ndi munthu wakuda amene thupi lake silipanga mokwanira melanin, chinthu chimene chimadetsa khungu, tsitsi ndi maso. Palibe temberero, palibe mankhwala m'mafupa mwake. Ndipo chibadwa chimenechi mwana amachitengera kwa makolo onse awiri, osati kwa mayi yekha monga ankakunenerani akuchimuna mwanayu atangobadwa. Misozi imene munalira chaka chimene chija sindinaiiwale.

Mu Epulo 2019 Thando anaoneka pachikuto cha magazini ya Vogue ya ku Portugal, mkazi woyamba wachialubino kufika pachikuto cha Vogue. Mukukumbukira mmene kwathu kunalili nthawi imeneyo? Munkamuperekeza mwana kusukulu m'mawa n'kukamutenganso masana, alamu ankagona chikwanje chili pambali. Kwathu anthu ena ankaona mwana ngati uyu n'kumaganiza za ndalama za ziwalo, kwina nkhope yofanana ndi yake ili m'masitolo a mabuku anthu akuigula chifukwa chokongola. N'chifukwa chake ndinamutumizira chithunzicho. Munandiuza nokha kuti kuyambira pamenepo anasiya kubisa nkhope ndi mpango pojambulitsa. Chimenecho musachizimitse.

Tsono za ntchitoyo, ndikuuzeni zimene ndaona ndi maso anga, chifukwa iye amangoona chithunzi chomalizidwa. Kumene ndimasoka ndi m'tauni, chakufupi ndi Pritchard Street, dera limene kuli matelala ndi masitolo a nsalu ambiri. Bwana wathu amalandira maoda kwa okonza masitayilo, ife timadula, kusoka ndi kumalizitsa. Kuno kuli chionetsero chachikulu chotchedwa South African Fashion Week, chimene anayambitsa Lucilla Booyzen mu 1997, ndipo kwa zaka zambiri chakhala chikuchitika kawiri pachaka. Chikayandikira timagona mochedwa, ndipo nthawi zina amatitenga kukathandiza kuseri kwa nsanja ndi singano, ulusi, mapini ndi simbi.

Chinthu choyamba chimene telala aliyense amadziwa ndi ichi: chovala chimasokedwa munthu wochivala asanasankhidwe. Timasoka saizi imodzi, yaing'ono, ya munthu wamtali. Ndiye sikuti chovala chimatsata mtsikana, mtsikana ndiye ayenera kukwana m'chovala. Pansanja ambiri amafuna wamtali pafupifupi masentimita 175 kapena kuposa. Akhoza kukhala wokongola chotani, chiuno chikapanda kulowa amamuuza zikomo n'kuitana wina. Atsikana amayenda tauni yonse ndi ndalama yawo ya takisi, kukaima pa mzere ndi khadi la zithunzi ndi miyezo yawo, kuyenda kupita uko n'kubwerera pamaso pa osankha, basi, kenako kudikira foni imene nthawi zambiri silira. Ndawaona ena akudzimana chakudya tsiku lonse kuopa zipi. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa ambiri ndi ana amsinkhu wa mwana wathu.

Tsiku la chionetsero amafika maola ambiri nthawi isanakwane. Wina akumukoka tsitsi, wina akumupaka kumaso, nsapato zazitali zidendene nthawi zina si za saizi yake. Nyimbo zikayamba, chionetsero cha munthu mmodzi sichidutsa mphindi 15. Mtsikana amayenda kupita kumapeto kwa nsanja, kutembenuka, kubwerera, ndipo akangolowa kuseri timamuvula mothamanga n'kumuveka china, ine ndili chogwada ndikupinda mpendero. Sindinaoneko chauhule kumeneko. Ndinaona ana otopa akugwira ntchito, ena akuwerenga mabuku a ku koleji podikira nthawi yawo. Anthu oipa alipo ndithu, monga aliri paliponse pamene pali atsikana ofuna ntchito, koma ntchito yeniyeniyo ndi ntchito.

Ndalama ya pansanja ndi yochepa, ndipo ongoyamba kumene ena amangopatsidwa chovala. Ndalama yooneka ili ku malonda. Kampani ikafuna nkhope yako imalipira tsiku lojambula, n'kulipiranso padera chilolezo chogwiritsa ntchito chithunzicho, kutengera kuti chikhala nthawi yaitali bwanji, chioneka m'mayiko angati, ndiponso ngati chili pa TV, m'magazini kapena pa zikwangwani za m'misewu. N'chifukwa chake malonda amodzi a kampani yaikulu amaposa zionetsero zambiri kuziphatikiza. Koma mwayi wotere umagwera ochepa, ndipo ndalamayo imatha mwezi, iwiri kapena itatu isanafike m'manja, lendi ikudikira.

Apa ndi pamene mungamugwirire bodza mwamuna wa pa Facebook uja. Kampani yeniyeni yopezera atsikanawa ntchito imadya pamene mtsikana wadya. Imatenga gawo lake pa malipiro, kawirikawiri pafupifupi R20 pa R100 iliyonse, ntchito itagwiridwa kale. Imakhala ndi ofesi yoti munthu n'kulowamo, ndipo mwana wosakwana zaka 18 siimusainitsa popanda kholo. Woyamba ndi kupempha ndalama ndi wakuba. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Komanso pasipoti yathu kuno amaidinda masiku 30 okha ochezera, si chilolezo cha ntchito. Masikuwo akatha munthu amayamba kuyenda mozemba, ndipo akagwidwa amakathera ku Lindela, kumene amasungirako alendo opanda mapepala, kudikira kubwezedwa kumudzi. Mtsikana wopanda mapepala, wodalira mwamuna amene anamulipirira basi, alibe pothawira. Ndawaona otere ku Rosettenville ndi ku Yeoville, ena anachoka kwawo atauzidwa kuti akukagwira ntchito mu saluni.

Ndipo kwa mwana wathu nkhawa yanga ndi yoposa pamenepo. Munthu amene sitikumudziwa akufunsa zithunzi za mwana wachialubino, mwinanso wafunsa kale mudzi ndi sukulu yake. Usiku umene ndinamva mawu anu sindinagone. Chonde tengani foniyo musanafufute kalikonse, mupite nayo kupolisi, muwauzenso amfumu ndi a APAM, bungwe la anthu achialubino. Mumufunse mwanayo modekha zimene anamuuza kale munthuyo. Mukamukalipira abisa.

Palinso za thupi lake zimene ayenera kuziganizira ngati munthu wamkulu. Magetsi a pansanja ndi owala kwambiri, makamera akung'anima kutsogolo, ndipo maso ake mukuwadziwa mmene amavutikira ndi kuwala. Malonda ambiri amajambulidwa ku Cape Town m'miyezi yotentha, kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi, pamene makampani a ku Ulaya amathawa chisanu kwawo kudzafuna dzuwa. Kumeneko ndi kuima panja, kunyanja, nthawi yaitali. Khansa yapakhungu ndi imene imatenga anthu achialubino ambiri akadali aang'ono. Munthu wa maphunziro ake angathe kunena kuti pa dzuwa ili sindiima, ndipatseni mthunzi, ndipo akakana amachoka n'kukadya kwina. Wopanda pena pogwira amangopirira, khungu likupsa.

Ndiye pempho langa ndi ili. Musamuseke, ndipo muwauze azichimwene ake asiye kumuyeserera kayendedwe. Mwana amene dziko lakhala likumuuza kuti abisale wanena kuti akufuna kuima pamaso pa anthu, ine ndikuona kuti n'chinthu chabwino. Sali yekha. Kalembera wa 2018 anapeza kuti ku Malawi kuli anthu achialubino oposa 134,000, ndipo mu 2021 a Overstone Kondowe anapambana chisankho ku Nkhotakota n'kukhala phungu woyamba wachialubino ku Nyumba ya Malamulo. Kuno kulinso Refilwe Modiselle wa ku Soweto, amene anayamba ntchito yoonetsa zovala Thando asanayambe. Koma sukulu amalize. Mupite mukaonane ndi ahedi kuti azikhala kutsogolo pafupi ndi bolodi, ndipo mufunsiretu za mapepala a zilembo zikuluzikulu pa mayeso a MSCE, musadikire chaka chamawa.

Kwa iwe mwana wanga, popeza ndikudziwa kuti uwerenga: sindikukuletsa. Ukalemba mayeso ndidzakupangitsira pasipoti, udzabwera ndi mayi ako nthawi ya chionetsero, ndipo ndidzapempha bwana kuti ukandigwirire mapini kuseri kwa nsanja. Udzaone wekha, ulankhule ndi atsikanawo, uwafunse zimene amalandira. Ukadzaifunabe ntchitoyo, tidzapita limodzi ku ofesi yeniyeni, masana, ndi mapepala ako m'manja. Pakadali pano ku Lilongwe ndi ku Blantyre kumachitikanso zionetsero za zovala, ndipo pa holide ukhoza kuyamba kuphunzira pa makina anga aja ali kwa agogo. Wodziwa kusoka sanamizidwa za chovala.

Katundu ndapatsira transipota amene anyamuke ku Park Station Loweruka, adzakuimbirani akadutsa pa boda ya Dedza. Muli mafuta oteteza khungu ku dzuwa a SPF 50, azidzola m'mawa uliwonse ndi masana, ngakhale kuli mitambo, osaiwala makutu, khosi ndi milomo. Muli chipewa chotambalala, magalasi a dzuwa, bulangete la mayi ndi nsapato za alamu. Ndagulanso nsalu ya shweshwe ya buluu kuti ndimusokere diresi la manja aatali, koma sindinaidule chifukwa wakula ndisakumuona. Mupite naye kwa telala wa pamsika amuyeze chifuwa, chiuno, mapewa, mkono ndi kutalika kuchokera paphewa mpaka pa akakolo, munditumizire manambalawo. Za kupolisi zija mundiuze mmene mwayendera tsiku lomwelo.

Mupereke moni kwa mayi, kwa alamu, kwa amalume ndi onse a pakhomo.

Ndine mng'ono wanu,
wa ku Joni