Nambala ya BP yokha isamachititse kuti odwala abayidwe jakisoni

Mkonzi,

Ndikutsutsa chizolowezi chopatsa odwala ogonekedwa mankhwala otsitsa BP nthawi iliyonse makina akaonetsa nambala yokwera, chifukwa chimakweza bilu ndipo chimatha kuvulaza wodwalayo.

Mayi anga anagonekedwa pachipatala china cholipira atathyoka mwendo. Usiku namwino anawayeza BP akubuula ndi ululu. Nambala inali yokwera, ndipo anawabaya hydralazine, mankhwala otsitsa BP. M'mawa podzuka kuti apite kuchimbudzi anachita chizungulire nkudzigwira pakhoma, BP itatsika kwambiri. Anawaika diripi, anawayeza impso, tinakhalamo masiku ena awiri. Zonsezo zinalowa pa bilu, mpaka tinagulitsa matumba a chimanga omwe tinasungira njala.

Ululu, mantha ndi kusowa tulo zimakweza BP kwakanthawi, ndipo kuitsitsa mwadzidzidzi kumachepetsa magazi opita ku impso ndi ku ubongo. Mu 2024 bungwe la ku America loona za matenda a mtima la American Heart Association linachenjeza madokotala za mchitidwewu pa odwala omwe alibe zizindikiro zoopsa.

Unduna wa Zaumoyo ulamule kuti namwino aziyamba wathetsa ululu, kenako aziyezanso BP wodwala atapuma, ndipo dokotala azimuona asanabayidwe. Bilu nayo izionetsa chifukwa chomwe mankhwala aliwonse anaperekedwera.

Wokhudzidwa,
Lilongwe